Tsiku Losankha Osewera: Zimene Ndidaphunzira pa Bwalo la Rugby ku South Africa

Mawu otsatirawa adalankhulidwa pa msonkhano wathu wapachaka m'holo ya sukulu ndi mnzathu wina, wophunzira wakale, amene adaphunzitsa kwa zaka zambiri ku South Africa. Tawasindikiza onse chifukwa ambiri amene sadathe kubwera adatipempha kutero. Mkonzi.



Kalata yondiitana itandipeza, ndidafunsa alembi athu kuti ndidzalankhule zotani. Iwo adati ndidzafotokoze zimene ndidaona kunja. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukudikira nkhani za ku Joni, za migodi ndi za ndalama. Pepani, ine ndabwera ndi nkhani ya mpira wooneka ngati papaya, umene anthu amaunyamula m'manja ndi kuthamanga nawo uku anzawo akuwagwetsa pansi. Musaseke msanga, chifukwa nkhaniyi ikutikhudza tonse.

Aliyense wa ife amene takhala muno adasankhidwa. Tidalemba mayeso a Sitandade 8, tidadikira, ndipo tsiku lina dzina lathu lidatuluka. Mukukumbukira chimwemwe cha tsiku lija. Koma mukukumbukiranso anzathu amene tinkakhala nawo desiki limodzi, ena anzeru kuposa ife, amene maina awo sadatuluke. Ena adabwereza kawiri, ena katatu, ena adangobwerera kumunda. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti ine ndidasankhidwa chifukwa ndidali woyenera ndipo iwo adatsala chifukwa sadali oyenera. Maganizo amenewa ndidawataya nditakhala ine mwini pa mpando wa wosankha.

Ndidapita ku South Africa ulamuliro watsankho utatha, ndipo ndidapeza ntchito yophunzitsa masamu pa sukulu ina yaing'ono m'chigawo cha Eastern Cape. Kuno kwathu timamva kuti rugby ndi masewera a azungu, koma kumeneko ndidapeza kuti Axhosa akhala akusewera mpirawu kuyambira m'zaka za m'ma 1800, makamaka kudzera m'sukulu za mishoni monga Lovedale ndi Healdtown. Lovedale yomweyi ndiyo idatitumizira William Koyi mu 1876 kudzathandiza mishoni ya Livingstonia. Tsono mphunzitsi wamwamuna aliyense pa sukulu yathu ankapatsidwa timu yoyang'anira. Ine amene ndidali ndisadagwirepo mpirawo ndidapatsidwa ana aang'ono, ndipo iwo ndiwo adandiphunzitsa malamulo ake. Patapita zaka ndidachita maphunziro a ukochi, ndipo pambuyo pake ndidaikidwa m'gulu la osankha osewera.

Kwa amene simudauonepo, timu ya rugby imakhala ndi anthu 15. Asanu ndi atatu ndi akutsogolo, anyamata amphamvu amene ntchito yawo ndi kulimbirana mpira, kukankhana pa scrum ndi kudumpha pamene mpira ukuponyedwa kuchokera kunja kwa mzere. Asanu ndi awiri ndi akumbuyo, othamanga ndi omenya mpira ndi phazi. Mpira suponyedwa kutsogolo ndi manja. Umaperekedwa chakumbuyo kapena cham'mbali basi. Ukauika pansi kuseri kwa mzere wa adani, chimene amati try, wapeza mapointi 5. Ubwino wa masewerawa ndi wakuti wamfupi, wamtali, wonenepa ndi wowonda, aliyense ali ndi malo ake.

Loto la mnyamata aliyense wosewera rugby kusukulu m'dzikolo ndi kupita ku Craven Week. Uwu ndi msonkhano wa masewera wa sabata imodzi umene udayamba mu 1964 mu mzinda wa East London, ndipo udatchedwa dzina la Danie Craven, mtsogoleri wa rugby m'dzikomo nthawi imeneyo. Chigawo chilichonse cha rugby, monga Western Province, Blue Bulls, Free State, Border ndi Eastern Province, chimatumiza timu ya anyamata osapitirira zaka 18. Umachitika pa tchuthi cha nyengo yozizira, cha m'ma June ndi July. Poyamba udali wa ana a azungu okhaokha, ndipo khomo lidatsegulidwa kwa mitundu ina mu 1980. Matimu a ku Zimbabwe ndi Namibia akhalanso akuitanidwa. Palinso msonkhano wa ana osapitirira zaka 13, ndi wina wa osapitirira zaka 16 wotchedwa Grant Khomo Week, pokumbukira katswiri wachikuda wa rugby wa m'nthawi ya tsankho. Sabata ikatha amasankha timu ya sukulu za dziko lonse, ndipo m'mbali mwa bwalo mumakhala anthu a mayunivesite ndi a makalabu akuluakulu akulemba maina. Kwa mwana wosauka, kusankhidwa kungatanthauze fizi, malo ogona ndi ntchito. Motero mukamva kuti makolo amalira pa tsiku losankha, musadabwe.

Kuti mnyamata afike kumeneko ayenera kukwera makwerero. Sukulu imatumiza anyamata ake abwino ku mayeso a dera, amene kumeneko amangoti ma trials. Opambana amapita ku mayeso a boma, kenaka ku mayeso otsiriza a chigawo chonse. Pa khwerero lililonse chiwerengero chimachepa, mpaka mwa anyamata mazanamazana mutsale ongopitirira pang'ono 20.

Ndikufuna muone m'maganizo mwanu tsiku lotere. Ndi Loweruka m'mawa, udzu uli mbuu ndi chisanu. Anyamata amafika, amalembetsa, amaonetsa chiphaso cha kubadwa, ndipo aliyense amapatsidwa nambala yoti avale. Amawagawa m'matimu osakaniza, kotero kuti mnyamata amasewera ndi anthu amene sadawaonepo, osadziwa ngakhale maina awo. Masewera enieni a msinkhu umenewu amakhala mphindi 35 mbali iliyonse, koma pa mayeso mwana amatha kupatsidwa mphindi 20 zokha, wina n'kulowa m'malo mwake. Ife osankha timakhala pa mipando m'mbali, kope m'manja. Kumbuyo kwathu kumakhala makolo ndi aphunzitsi, aliyense akufuula nambala ya mwana wake kuti ilowe m'khutu mwathu.

Pa pepala zonse zimaoneka zachilungamo: bwalo limodzi, mpira umodzi, woimbira mmodzi. Koma nditakhala pa mpando uja kwa zaka zingapo ndidayamba kuona zinthu zinayi zimene zimapotoza maso a wosankha.

Choyamba ndi msinkhu wa thupi. Magulu a zaka amawerengedwa kuyambira pa 1 January. Mwana wobadwa mu January ndi wobadwa mu December chaka chomwecho amayesedwa pamodzi, chonsecho akusiyana pafupifupi chaka chathunthu. Pa zaka 13 kusiyana kumeneku ndi kwakukulu zedi. Wina ali kale ndi ndevu ndi mawu a besi, mnzake akadali kamwana. Wandevu uja amangowombana ndi anzake n'kudutsa, ndipo ife timati ndi katswiri, pamene iye wangofulumira kukula. Akatswiri a za masewera ku Cape Town adatsatira anyamata oposa 300 amene adasewera pa msonkhano wa osapitirira zaka 13 mu 2005, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2011. Adapeza kuti pafupifupi mmodzi yekha mwa anayi alionse ndiye adafika ku Craven Week ya zaka 18. Enawo anzawo adawapeza m'njira n'kuwapitirira. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika.

Chachiwiri ndi dzina la sukulu. M'dzikolo muli sukulu zotchuka pa rugby monga Grey College ku Bloemfontein, Paul Roos ku Stellenbosch, Selborne ku East London ndi Dale College ku Qonce. Sukulu zotere zili ndi mabwalo osamalidwa, makochi ophunzira, zipinda zolimbitsira thupi ndi chakudya chokwanira. Sindikuzinena zoipa, zimagwira ntchito yotamandika. Koma mnyamata wochokera ku sukulu yotchuka amafika pa mayeso dzina lake likudziwika kale, chifukwa osankha adamuonapo Loweruka lililonse. Akalakwitsa timati lero sadadzuke bwino. Mwana wa ku sukulu ya kumudzi akalakwitsa chimodzimodzi timati sadziwa mpira.

Chachitatu ndi chakuti diso la munthu limatsata mpira. Amene wanyamula mpira ndi kuthamanga nawo aliyense amamuona. Amene wagwetsa adani khumi, amene walowetsa mutu wake pa mulu wa anthu kuti mpira utuluke, amene wadzuka msanga n'kubwerera pa malo ake, saoneka. Pa mayeso vutoli limakula chifukwa mwana aliyense amafuna kudzionetsa, tsono palibe amene amapatsira mnzake. Wothamanga wa kumapeto kwa mzere angathe kutha mphindi zake zonse osaukhudza mpira.

Chachinayi ndi chimene chimachitika mwana asadafike n'komwe pa bwalo. Wina wabwera pa galimoto ya bambo ake, wadya bwino, wagona bwino. Wina wadzuka usiku, wakwera minibasi ziwiri, m'mimba muli tiyi yekha, ndipo nsapato zosewerera wabwereka kwa mnzake, zikumuthina. Palinso ambiri amene safika n'komwe chifukwa ndalama yoyendera idasowa, kapena chifukwa kalata yoitana idangogona m'dirowa ya ofesi ya sukulu. Awa sitidawakane, koma sitidawaonenso. Akuluakulu a rugby adaika lamulo lakuti timu ya chigawo ikhale ndi chiwerengero china cha anyamata amene si azungu, ndipo lathandiza kutsegula makomo. Komabe kawirikawiri malo amenewo amatengedwa ndi ana amene adatengedwa kale ndi sukulu zazikulu zija. Wa kumudzi amakhalabe kumudzi.

Chifukwa mphotho yake ndi yaikulu, chinyengo nachonso sichisowa. Alipo amene amachepetsa zaka, matenda amene nafenso kuno timawadziwa bwino pa mpira wamiyendo. Alipo amene amamwa mankhwala okulitsa minofu. Mu 2018 anyamata asanu ndi mmodzi adapezeka ndi mankhwala otere atayezedwa pa Craven Week. Alipo amene amabisa kuti avulala m'mutu poopa kutaya malo, ngakhale kuti kuyambira mu 2009 pali ndondomeko yotchedwa BokSmart imene imaphunzitsa makochi ndi oimbira kuti mwana wogunda mutu atuluke m'bwalo ndipo apume. Ana sabadwa ndi nzeru zoterezi. Amaziphunzira kwa ife akuluakulu amene timawauza kuti moyo wawo wonse uli pa tsiku limodzi.

Tsopano ndiulule mlandu wanga. Chaka china pa mayeso otsiriza padali kamnyamata kowonda kovala nambala 47, kochokera ku sukulu ina imene ngakhale dzina lake sindidalimvepo. Kankasewera malo a flank, amene ntchito yake ndi kugwetsa ndi kulanda mpira. Ine ndidali ndi chizolowezi cha mphunzitsi wa masamu choika kamzere m'kope nthawi iliyonse mwana akagwetsa mdani. Madzulo titakhala pansi kuti tisankhe, ndidaona kuti 47 ali ndi timizere tochuluka kuposa aliyense. Koma pa malo omwewo padali mnyamata wina wamkulu thupi, wa ku sukulu yodziwika, amene adathamanga kamodzi theka la bwalo n'kuika try anthu onse akukuwa. Anzanga adatchula dzina lake mosazengereza. Ine ndidayang'ana m'kope langa, ndidaganiza kuti ndine mlendo m'dziko la eni ake ndipo mpirawu ndidauphunzira nditakula, tsono ndidatseka kope ndi kukhala chete. Palibe amene adandiletsa kulankhula. Ndidangochita mantha.

Maina atawerengedwa, osankhidwa adakumbatirana ndipo otsala adayamba kumwazikana. Ndikupita ku galimoto, kamnyamata kaja kadanditsatira, nsapato zili m'pepala la pulasitiki. Sikadalire, sikadakwiye. Kadangondifunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, ndikakonze chiyani kuti chaka chamawa ndidzasankhidwe?" Amayi ndi abambo, ndidasowa choyankha, chifukwa padalibe choti kakonze. Ndidangoti kalimbikire. Chaka chotsatira ndidafunafuna nkhope yake pakati pa anyamata, koma sikadabwere, ndipo sindidakaonenso. Mwina kakadasankhidwa sikakadafika patali. Zimenezo si zanga kuweruza. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti umboni udali m'manja mwanga ndipo ndidaubisa.

Kuyambira tsiku limenelo ndidasintha kachitidwe kanga. Ndidapempha anzanga kuti wosankha aliyense apatsidwe malo ochepa oti aziyang'ana, mpira upite kulikonse kumene ukupita. Tidagwirizana kuti tizilemba manambala okha, dzina la sukulu tizilifunsa titamaliza. Tidayamba kufunsa mwezi wobadwa wa mwana, kuti tisapusitsidwe ndi ndevu. Tidayamba kuyendera sukulu za kutali masabata angapo mayeso asadafike, popeza kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo tidalonjezana kuti mwana aliyense wotsala pa mayeso otsiriza auzidwe chinthu chimodzi chenicheni choti akakonze, ndi kumuuza pamaso kuti tikufuna kudzamuonanso. Sizidathetse mavuto onse, koma ana obwerera chaka chotsatira adachuluka.

Kuti muone kuti tsiku losankha silinena zonse, tatengani anthu atatu amene adali m'timu ya South Africa imene idagonjetsa England 32 kwa 12 ku Yokohama mu 2019 ndi kutenga chikho cha dziko lonse. Siya Kolisi adakulira m'umphawi ku Zwide, pafupi ndi Port Elizabeth, mzinda umene tsopano umatchedwa Gqeberha. Adaonedwa pa mpikisano wa ana ali ndi zaka pafupifupi 12, adalipiriridwa sukulu ku Grey ya mumzindawo, adasewerera Eastern Province ku Craven Week, ndipo mu 2018 adakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera timu ya dzikolo pa masewera a pakati pa maiko. Adanyamulanso chikho mu 2023 ku Paris. Ameneyu makwerero adamutumikira bwino, chifukwa padapezeka munthu amene adaona ndi kulankhula. Tendai Mtawarira adabadwira ku Harare, adaphunzira ku Churchill ndi ku Peterhouse, ndipo adapita ku Durban akusewera malo ena. Kumeneko makochi adamusuntha n'kumuika kutsogolo kwa scrum, ndipo pa malo atsopanowo adasewerera South Africa maulendo 117. Makazole Mapimpi adachokera ku Tsholomnqa, kumudzi, kufupi ndi East London. Sadaphunzire pa sukulu yotchuka ndipo sadapite ku Craven Week. Adayamba kusewerera dziko lake mu 2018 ali ndi zaka 27, ndipo chaka chotsatira adakhala munthu woyamba wa ku South Africa kuika try pa masewera otsiriza a chikho cha dziko lonse. Ndikamuona Mapimpi ndimakondwa, komanso ndimadzifunsa kuti ndi angati onga iye amene adatopa asadafike, ngati nambala 47 uja.

Mwina mukufunsa kuti zonsezi zikukhudza bwanji bungwe lathu, popeza pa sukulu pano rugby si masewera athu. Bambo Wapampando, ana a pa sukulu ino amapitanso kukayesedwa pa mpira wamiyendo, pa netibolo ndi pa liwiro, ndipo mavuto ake ndi omwewa. Choncho ndili ndi zopempha zitatu.

Ndikupempha kuti pa ndalama zimene timasonkha tipatulepo kathumba ka maulendo ndi nsapato, kuti mwana wa pa sukulu ino asalephere kukafika pa mayeso chifukwa cha mtengo wa basi, ndiponso kuti asalowe m'bwalo ndi njala. Si ndalama zambiri, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Ndikupempha aphunzitsi a masewera kuti posankha timu ya sukulu asathamangire ana akuluakulu matupi okhaokha, ndipo pakhale timu yachiwiri ndi yachitatu zimene zikusewera masewera enieni. Kamwana ka Fomu 1 kamene lero kakuoneka ngati bango kadzakula, koma kadzakhala katasiya kale ngati palibe amene akukapatsa mpata.

Chotsiriza ndikupempha inu anzanga. Ambiri mwa inu lero muli pa mipando ya osankha. Ena mumalemba anthu ntchito, ena mumagawa malo a maphunziro, ena mumakweza anthu pa maudindo. Mukatsegula kope lanu ndi kuona kuti umboni ukuloza munthu wopanda dzina, wopanda womulankhulira, musatseke kope monga ndidachitira ine. Ndipo amene mwamusiya muuzeni zoona za chimene akakonze. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ife tidasankhidwa, ndipo ndikhulupirira kuti tidalimbikira. Koma padalinso mphunzitsi amene adationa, kholo limene lidagulitsa mbuzi, ndi mwayi wakuti tsiku la mayeso malungo sadatigwire. Tikakumbukira zimenezi sitidzanyoza amene adatsala, ndipo sitidzaumira pothandiza amene akubwera m'mbuyo mwathu.